Kalata yotseguka kwa oyang'anira misewu ya Johannesburg: maloboti anu sationa ife apanjinga

Kwa a Meya a mzinda wa Johannesburg, a MMC (membala wa komiti ya a Meya) oona zamtengatenga, akuluakulu a Johannesburg Roads Agency (JRA, bungwe loona misewu ya mzinda) ndi JMPD (apolisi a mzinda), komanso a nthambi ya zamisewu m'boma la chigawo cha Gauteng,

Mabwana ndi madona olemekezeka, landirani moni wathu. Tikudziwa kuti kuyendetsa mzinda waukulu chonchi si masewera, ndipo sitinabwere kudzakulozani chala m'maso. Ine ndine mmodzi mwa a Malawi ambirimbiri amene timalawira kusanache pa njinga yakapalasa kupita kuntchito: osamalira maluwa ndi kapinga m'mayadi, alonda, opaka penti, otsuka galimoto, ndi anzathu osaka ganyu tsiku ndi tsiku. Timachokera ku Diepsloot, Cosmo City, Zandspruit, Kya Sand, ena ku Alexandra, kulowera ku Fourways, Bryanston, Randburg, Northcliff ndi Sandton. Loweruka masana ndi Lamlungu ndimamata machubu ndi kuwongola malimu a anzanga pakhomo, choncho madandaulo a pamsewu amandipeza ndili khale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'chifukwa chake ndatenga cholembera m'malo mwa anzangawo, kuphatikizapo eni dziko amene timapalasa nawo limodzi, pakuti galimoto ikamagunda munthu siyang'ana pasipoti.

Nkhani yanga ndi ya pamphambano. Woyendetsa galimoto mukamufunsa chifukwa chimene wadzera msewu uwu osati uwo, akuuzani za kutalika kwa ulendo ndi kuthithikana kwa galimoto. Wapanjinga mukamufunsa zomwezo, akutchulirani mphambano: "Paja ine sindidutsapo." Msewu ukhoza kukhala wosalala, wotambalala, wolunjika kuntchito kwake, koma ngati pakati pake pali mphambano imodzi yoopsa, msewu wonsewo watha ntchito kwa iye. Alolera kuzungulira, kukwera chitunda, kufika thukuta lili kamukamu, bola afike wamoyo. Ndiye njira zathu sitisankha tokha ayi. Amatisankhira ndi kabokosi kachitsulo kaja koimikidwa pakona, kamene kamalamula kuti ndani aime, ndani apite, ndipo kwa masekondi angati.

Dandaulo loyamba, limene woyenda pagalimoto sangalione n'komwe, ndi la loboti losamva njinga. Maloboti ambiri amangosinthasintha potsata nthawi imene anawatchera. Koma alipo ena, makamaka pamene kamsewu kakang'ono kakumana ndi msewu waukulu, kapena pa muvi wokhotera kumanja, amene amadikira kuti amve kaye kuti pafika galimoto. Mukayang'anitsitsa pansi pafupi ndi mzere woyera woimapo, muona pochekedwa ngati bokosi, pomatidwanso ndi phula lakuda. M'menemo muli waya wozungulizidwa kangapo, ndipo mukuyenda magetsi ochepa. Chitsulo chikaima pamwamba pake chimasokoneza mphamvu ya maginito ya wayayo, kabokosi kaja n'kudziwa kuti pali wofuna kudutsa. Galimoto ndi chitsulo chopitirira tani imodzi. Njinga yanga, ndi keliyala ndi loko zomwe, ndimainyamula ndi dzanja limodzi pokwera masitepe. Makinawo akatcheredwa moganizira galimoto zokha, njinga saimva. Chowonjezera apo, ife timayenda kumanzere kwenikweni, m'mphepete mwa msewu, kumene wayayo nthawi zambiri safikako.

Taganizirani m'mawa wa mwezi wa Juni, chisanu chili m'zala, kunja kukadali mdima, kamsewu kali zii. Wafika paloboti lofiira, waima. Msewu waukulu ukungopatsidwa zobiriwira, iwe osakuwerengera. Uchite chiyani? Udikire galimoto ibwere kumbuyo kwako idzakutsegulire, koma sudziwa ibwera nthawi yanji. Utsike ukadine batani la oyenda pansi, ngati lilipo ndiponso ngati likugwira ntchito. Kapena uyang'ane uku ndi uku n'kudutsa pofiira, ukhale wolakwira lamulo chifukwa cha makina amene anakana kukuona. Ndinaonapo bambo wina wachikulire, wa msinkhu wa malume anga, atatsika n'kugoneka njinga yake pansi pamwamba pa mizere ija, iye ataima pambali manja m'matumba, kudikira kuti loboti limuzindikire. Linasinthadi. Tinaseka tonse awiri, koma panalibe chosekesa. Enafe tinaphunzitsana kuti ukaimika matayala onse awiri pamzere wochekedwawo, osati pakati pa bokosilo, nthawi zina limamva. Koma msewu ukangothiridwa phula latsopano mizere ija imakwiririka, nzeru yathu n'kuthera pomwepo.

Ndipo usiku nkhaniyi si ya kuchedwa chabe. Mlonda wopita kuntchito kapena mnyamata woweruka mochedwa kumalo odyera, ataima yekha paloboti losasintha, foni ili m'thumba, ndi nyama ya matsotsi. Eni galimoto ali ndi zitseko ndi magalasi, komabe ambiri a iwo saima nthawi yaitali paloboti usiku. Nanga ife amene chitseko chathu ndi jekete? Mapeto ake timasiya timisewu tabata, tomwe tikanatisunga bwino, n'kukalowa mumsewu waukulu kumene maloboti amasintha okha koma malole ndi matekisi amatipyola m'mapewa.

Dandaulo lachiwiri ndi la masekondi. Pano ndikupemphani tiwerenge limodzi, pakuti samu yake ndi ya ku pulaimale. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Njinga yoyenda makilomita 15 pa ola, liwiro labwino ndithu kwa munthu wonyamula chikwama cha zipangizo, imayenda mamita 4 okha. Tinene kuti mphambano ndi yotambalala mamita 40, ndipo pamene misewu ngati Malibongwe Drive, Witkoppen Road kapena Beyers Naudé Drive ikumana ndi inzake ikuluikulu, kutambalala kotere si kwachilendo. Galimoto iwoloka m'masekondi osakwana 3. Njinga ifuna masekondi 10. Koma nthawi ya nyali yachikasu, ndi kanthawi kaja kamene mbali zonse zimakhala zofiira, zimakhala timasekondi towerengeka toyezera galimoto. Choncho munthu ukhoza kulowa pamphambano nyali ili yobiriwira, wosalakwa kanthu, koma usanafike tsidya linalo a mbali inayo apatsidwa kale njira, ndipo amene akubwera chothamanga mumzere wakutali sakukuona chifukwa wabisika ndi galimoto zimene zaima. Mawa lake anthu amati wapanjinga anadutsa pofiira.

Kumbukiraninso kuti Joni ndi mzinda wa zitunda. Ukaimitsidwa pakati pa chikweza, kuyambanso kupalasa kumadya masekondi ena, njinga ikuyenda mwapendapenda, kumbuyo hutala ikulira. Maloboti a m'misewu ikuluikulu akalumikizidwa kuti galimoto ipeze zobiriwira zokhazokha, wapanjinga amapeza zofiira pafupipafupi, popeza liwiro lake silili m'masamu amenewo. Ku Copenhagen anachita kutembenuza: m'misewu ina yolowera mumzinda anatchera maloboti kuti wopalasa makilomita 20 pa ola ayende osaima. Sitikuti Joni asanduke Copenhagen mawa. Tikungoonetsa kuti masekondi amatchera ndi munthu, ndipo munthu yemweyo angathe kuwatcheranso.

Dandaulo lachitatu ndi kamangidwe ka mphambano zina. Mphambano zambiri zikuluzikulu zili ndi kamsewu kapadera kokhotera kumanzere, kolambalala loboti, kamene woyendetsa amangoyenera kupatsa mpata. Kwa galimoto n'kothandiza. Kwa wapanjinga wopita molunjika ndi msampha, pakuti ali kumanzere, ndipo aliyense wokhota ayenera kudula njira yake, mutu atatembenuzira kumanja kuyang'ana galimoto zinzake. Poipitsitsa ndi pamilatho yodutsa pamwamba pa misewu ya N1 ndi M1. Lamulo limatiletsa kupalasa m'misewu imeneyi, ndipo sitikutsutsa. Koma kuiwoloka tiyenera kuiwoloka, pakuti kwathu ndi tsidya lino, ntchito ili tsidya lija. Malo owolokera ndi owerengeka, ndipo ambiri ndi omwewo amene galimoto zimalowera ndi kutulukira mumsewu wothamangawo, woyendetsa phazi lili kale pa moto. Mzinda unaonetsa kuti vutoli umalidziwa pamene unamanga mlatho wa oyenda pansi ndi apanjinga pa Grayston Drive, wolumikiza Alexandra ndi Sandton. Sitinaiwale kuti pa 14 Okutobala 2015 zitsulo zogwiriziza pomanga mlathowo zinagwera mu M1, anthu awiri n'kutaya miyoyo. Mlathowo unamalizidwa ndipo anthu akuwolokapo. Koma wochokera ku Cosmo City kapena ku Diepsloot sangazungulire mpaka kumeneko.

Za kukhotera kumanja pamsewu wa mizere itatu sindichulutsa mawu. Ambiri a ife sitiyesa n'komwe. Timawoloka molunjika, n'kuima pakona, n'kutembenuza njinga, n'kudikiranso loboti lachiwiri. Pamenepo mpata woimapo palibe, umangodzipanikiza pakati pa mtengo wa loboti ndi ngalande. Ndiye pali mzere wachikasu wa m'mphepete, umene ndiwo pothawira pathu: pofika pamphambano umatha mwadzidzidzi, kapena umapeza galimoto zaulowa kuti zidumphe mzere. Sindinyoza a matekisi, pakuti ndiwo amanyamula akazi athu ndi ana athu, koma akalowa mumzere umenewo ife tilibe kolowera.

Dandaulo lachinayi mukulidziwa bwino kuposa ine: maloboti akufa. Mzinda uno uli ndi mphambano za maloboti zopitirira 2,000, zambiri zili m'manja mwa JRA, zina za m'misewu ikuluikulu zili m'manja mwa boma la chigawo. Zowapha n'zambiri. Kuthimathima kwa magetsi, kumene mu 2023 kunachitika masiku opitirira 300. Mvula ya mabingu ya m'dzinja, madzi akalowa polumikizira nthambo, vuto limene mu 2017 mzinda unati uthana nalo posintha nthambo yonse m'malo moilumikiza ikaduka. Galimoto zogunda mitengo ya maloboti. Ndipo mbava: kumayambiriro kwa 2011 zinamveka kuti maloboti oposa 400 mwa 600 amene anaikidwa ma SIM card anaphwanyidwa ndi anthu ofuna makadiwo, ndipo mpaka lero nthambo za kopa zikufukulidwa, mitengo kudulidwa. Apa mlandu si wanu nokha, ndipo munthu aliyense wogula nthambo zakuba, kaya ndi wa dziko liti, ali ndi gawo pa magazi okhetsedwa pamphambano.

Chimene mwina simunachiganizire ndi mmene loboti lakufa limakhalira kwa wapanjinga. Lamulo likuti aliyense aime, wofika poyamba adutse poyamba. Pamphambano ya timisewu tiwiri zimayenda. Pamphambano ya mizere itatu mbali iliyonse, mpata umakhala wa amene ali ndi bampala yaikulu. Wapanjinga alibe nthawi yake, pakuti palibe woyendetsa amene amamuwerenga pamzere. Timachita kubisala m'mbali mwa bakkie (pikiapu) kapena lole n'kuwolokera limodzi, ngati mwanapiye m'phiko la make, koma phiko limeneli likakhota mwadzidzidzi ndiwe woyamba kupondedwa. Tikapeza wapolisi wa pamsewu kapena anyamata ndi atsikana aja ophunzitsidwa kuongolera galimoto, mitima imakhala pansi. Pena timapeza abale osowa pokhala atadzipereka okha kuongolera. Sindiwaweruza, njala ndi yomweyo tonse, koma sanaphunzire ntchitoyo, ndipo maso awo ali pa windo limene lingatuluke ndalama. Tamvanso kuti ku Sandton makampani ena analumikiza maloboti oyandikana nawo ku majenereta awo kuti asamazime. N'zabwino. Funso lathu n'lakuti kumene kulibe maofesi agalasi, kumene ulendo wathu umayambira, adzalumikiza ndani?

Tsono wapanjinga akathawa zonsezi amalowera kuti? Amalowa m'timisewu ta m'mayadi. Kumeneko amakumana ndi mipanda ndi mageti otchinga misewu. Misewu imeneyi ndi ya anthu onse, ndipo kuitchinga kumafuna chilolezo cha mzinda. Mantha a eni nyumba timawamvetsa, enafe ndife amene timalondera pamagetiwo. Koma kageti ka oyenda pansi kakakhala kokhoma m'mawa, kapena kozungulira kaja kamene njinga singalowe, munthu umabwerera mtunda wonse kukatulukira pamphambano yomweyo umaithawa. Mnzanga wina anasenza njinga pamutu kuti aidumphitse, mlonda akumufunsa kumene akupita ndi dzina la bwana wake, pamsewu wa boma. Ena amatsikira m'tinjira ta m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit, mokoma masana a Loweruka, koma mbandakucha munthu uli wekha n'kuika moyo pachiswe. Kuzungulira kumeneku kumadya mphindi zimene bwana sazimvetsa. Ganyu amapatsa wofika msanga.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi ichi. Makina akalephera kutimva, ndiye kuti satiwerenganso. Tikathawa mphambano, wobwera kudzawerenga masana amapeza palibe njinga. Lipoti limati apanjinga kuno kulibe, choncho palibe chifukwa chowakonzera kanthu, ndipo mphambano yotsatira imamangidwanso chimodzimodzi. Tinaziona kale zimenezi. M'nthawi imene a Parks Tau anali Meya, mzinda unamanga njira za njinga ku Braamfontein ndi Auckland Park, pakati pa yunivesite ya Wits ndi University of Johannesburg, komanso ku Orlando ku Soweto, ndipo mu Okutobala 2015 ku Sandton kunachitika EcoMobility World Festival yolimbikitsa anthu kusiya galimoto. Anthu anadandaula kuti njirazo zili mbee, ndi za olemera opalasa pofuna kulimbitsa thupi. Mu Seputembala 2016 a Herman Mashaba, Meya watsopano panthawiyo, anaimitsa ntchitoyo, R70 miliyoni n'kupatutsidwira ku zosowa zina, ndipo anati nkhani ya njira za njinga idzaonedwanso misewu yonse ikadzathiridwa phula. Sinditsutsa kuti misewu yafumbi ndi vuto, ndimakhala pafupi nayo. Koma pa mkangano wonsewo, wa mbali iyi ndi wa mbali iyo, palibe anaima pa msewu wa R511 m'mamawa kuona mzere wa njinga zochokera ku Diepsloot, anthu ovala maovolosi, mabokosi a nkhomaliro atamangidwa ndi mphira pakeliyala. Wopalasa chifukwa chosowa ya tekisi anaiwalika pakati.

Ena adzati mlendo alibe mawu pa za mzinda wa eni. Ife tikuti msonkho wa VAT wa 15% timalipira pa jamu, sopo ndi tayala lomwe, ndipo lamulo la zapamsewu la National Road Traffic Act la 1996 limawerenga njinga ngati chimodzi mwa zoyenda pamsewu, yokhala ndi udindo komanso malo ake. Udindowo tikuuvomera. Anzanga amene mukuwerenga kalatayi, chipewa chodzitetezera ndi lamulo kuno, nyali yofiira ya kumbuyo ndi yotsika mtengo kuposa kutumiza bokosi la maliro ku Mzimba kapena ku Mangochi, ndipo kupalasa moyang'anizana ndi galimoto si kuchenjera. Koma mabwana, munthu sangasunge lamulo la loboti limene silimupatsa mpata.

Zopempha zathu ndi izi, ndipo zambiri sizifuna mamiliyoni:

1. Paliponse pamene loboti limadikira kumva galimoto, amisiri aliyese ndi njinga yeniyeni, yachitsulo ngati zathuzi, n'kulitchera kuti lizimva. Pamalo pamene limamva bwino ajambulepo kachizindikiro ka njinga, monga amachitira m'mayiko ena, ndipo akathira phula latsopano ajambulenso. Pomanga zatsopano, sankhani makamera kapena zipangizo zina zotha kuzindikira njinga.

2. Pamphambano zotambalala wonjezerani nthawi imene mbali zonse zimakhala zofiira, mowerengera munthu woyenda mamita 4 pa sekondi. Kumene apanjinga ndi oyenda pansi ali ambiri, apatseni masekondi angapo oyambira galimoto zisanaloledwe kukhota.

3. Jambulani malo oimapo njinga kutsogolo kwa mzere wa galimoto, ngati a ku London, kuti woyendetsa lole azitiona tisanyamuke. Pa timisewu tokhotera kumanzere ndi polowera N1 ndi M1 ikanipo powolokera pokwera pang'ono ndi zikwangwani zochepetsa liwiro.

4. Loboti likafa pamphambano yaikulu, pakhale woongolera wophunzitsidwa kuyambira 5 koloko m'mawa, nthawi imene ife tili kale pamsewu, ndipo auzidwe kuti njinga nayo ipatsidwe nthawi yake. Mabatire ndi sola zifikenso ku mphambano za kufupi ndi Diepsloot, Cosmo City ndi Zandspruit.

5. Mzinda ndi chigawo mugwirizane nambala imodzi yodandaulirako, yaulere kapena ya pa WhatsApp, ilembedwe pa kabokosi ka loboti lililonse pamodzi ndi nambala ya mphambanoyo. Wopalasa njinga sangadziwe kuti mtengo uwu ndi wa mzinda, uwo ndi wa chigawo.

6. Popereka kapena kuwonjezera chilolezo chotchinga msewu, onetsetsani kuti pali geti lokwana njinga, lotsegula usana ndi usiku, ndipo muziyendera kuona ngati zikutsatidwa.

7. A Gauteng aganizire lamulo longa la ku Western Cape la 2013, lolamula woyendetsa kusiya mita imodzi popyola wapanjinga.

8. Tiwerengeni. Tumizani anthu pakati pa 5 koloko ndi 7 koloko m'mawa, komanso madzulo poweruka, ku Malibongwe Drive, Beyers Naudé Drive, Witkoppen Road ndi Winnie Mandela Drive, imene ambiri tikuitchabe William Nicol, ndi m'timisewu ta m'mbali momwe timathawiramo. Asangowerenga, atifunsenso mphambano zimene timazilambalala ndi chifukwa chake. Koma abwere ndi kope lowerengera njinga, osati kudzafunsa mapepala, apo ayi apeza msewu uli zii.

Kwa abale ndi alongo amene kalatayi yakupezani pafoni: itumizeni m'magulu a mipingo, a mizikiti, a maliro ndi a kumudzi. Amene mumatha Chingerezi, Chizulu kapena Chisutu, imasulireni ndipo muipereke kwa khansala wa dera limene mukukhala kapena kumene mukugwira ntchito, ngakhalenso kwa mabwana anu, pakuti mawu awo amamveka msanga m'maofesi. Aliyense alembe pansi pake dzina la mphambano imene amaiopa, ndi nthawi imene amadutsapo, kuti mndandanda ukafike kwa akuluakuluwa uli wathunthu.

Tikudikira yankho lanu, mabwana ndi madona, makamaka pa chopempha choyamba ndi chachiwiri, zimene mmisiri mmodzi wokhala ndi kiyi wa kabokosi kaja angathe kuyamba sabata ino.

Ine wanu mwaulemu,
M'Malawi wopalasa ndi kukonza njinga,
Cosmo City, Johannesburg